"Ndikupezako bwino, adokotala": -ko ameneyu timamuika pati pa nambala?

Munthu wa shuga amamubaya chala, kamakina n'kutulutsa nambala. Wa BP amamumanga lamba pamkono, nambala n'kutuluka. Koma pali matenda ena amene alibe kachipangizo kotere, ndipo amodzi mwa iwo ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitchula kuti rheumatoid arthritis. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene pakokha kungakuuzeni kuti mankhwala amene munthu wakhala akumwa miyezi itatu yapitayi akugwira ntchito kapena ayi. Ndiye akatswiri a matendawa anachita kutolera zinthu zingapo n'kuziphatikiza, kuti potsiriza patuluke nambala imodzi yoti dokotala aiyang'ane. Nambala zimenezi zili ndi mayina oopsa, DAS28, CDAI, SDAI, RAPID3, moti wophunzira chinenero angaganize kuti sizikumukhudza. Zikutikhudza ndithu, anzanga. Mukazitsegula mkati mupezamo mafunso, ndipo mafunsowo amafunsidwa ndi pakamwa n'kuyankhidwanso ndi pakamwa, m'chinenero chimene wodwalayo amalankhula.

Tiyambe ndi dzina la matendawo. "Nyamakazi" ndi thumba lalikulu. Agogo amene mawondo awo atha ndi ukalamba ndi ntchito amati ali ndi nyamakazi, pamene dokotala alemba osteoarthritis. Bambo amene chala chachikulu cha kuphazi chawatupira usiku umodzi, mwina ndi gout, nawonso ati nyamakazi. Msana, chiuno, kuphwanya m'thupi mwezi wa Juni, zonse timaponya momwemo. Rheumatoid arthritis ndi chinthu china. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira kachikopa kofewa kamene kamakuta mkati mwa mfundo. Kachikopako kamatupa, mfundo imatentha ndi kuwawa, ndipo kutupako kukapitirira kumadya chicherewecherewe mpaka fupa lenilenilo. Kawirikawiri zimayambira m'timfundo ta zala ndi pamkono, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo zimagwira akazi kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa amuna. Chala chikapindika chifukwa fupa ladyeka, chapita, sichiwongokanso. Ndigwiritsa ntchito mawu akuti mfundo m'malo mwa "molumikizana mafupa" chifukwa ndi afupi, ngakhale kuti m'nkhani ngati ino mfundo za m'thupi ndi mfundo za mtsutso zizigundana apa ndi apo.

Ndisanayambe kudzudzula nambalazi, ndinene chimene zinapindula, pakuti n'chachikulu. Mu 2004 magazini ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Glasgow wotchedwa TICORA, wa odwala 111. Gulu limodzi linkaonedwa mwezi ndi mwezi, mfundo zawo zinkawerengedwa, ndipo nambala ikakhalabe pamwamba mankhwala ankawonjezedwa motsatira dongosolo loikika. Gulu linalo linkaonedwa miyezi itatu iliyonse mwa masiku onse, dokotala n'kumagamula ndi maso. Patatha miyezi 18, m'gulu loyamba odwala 65 pa 100 alionse matenda awo anali atazilala, pamene m'gulu lachiwiri anali 16 okha. Kuchokera pa zotsatira ngati zimenezi kunabadwa njira imene mu 2010 inalembedwa monga malangizo a mayiko ambiri, yotchedwa treat to target: ikani chandamale, yezani pafupipafupi, ndipo ngati palibe kusintha pa miyezi itatu kapena chandamalecho sichinakwaniritsidwe pa miyezi isanu ndi umodzi, sinthani mankhwala. Choncho nambala ndi imene imagamula ngati methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, awonjezedwe, aphatikizidwe ndi ena, kapena asiyidwe momwemo. Ikanama motsika, zala za munthu zimadyeka dokotala ali phee. Ikanama mokwera, munthu amapatsidwa mankhwala amphamvu, amene angavutitse chiwindi kapena kutsegulira khomo matenda ena, popanda chifukwa.

DAS28 ndiyo yotchuka kwambiri. Inapangidwa ku Nijmegen m'dziko la Netherlands. Yoyamba, ya Désirée van der Heijde ndi anzake, inatuluka mu 1990, ndipo yofupikitsa, yowerenga mfundo 28, inabwera mu 1995. Mfundo zake ndi mapewa awiri, zigongono ziwiri, pamkono pawiri, mawondo awiri, ndi timfundo 20 ta m'zala za m'manja. Imaphatikiza zinthu zinayi: mfundo zingati zikuwawa zikadinidwa, zingati zatupa, kuyeza magazi kotchedwa ESR kapena CRP, ndi chiweruzo cha wodwalayo pa mzere woyambira 0 mpaka 100. Masamu ake simungawachite pamutu, pamafunika foni kapena kakyuleta. Yankho likaposa 5.1 matenda ali pamwamba, likakhala 3.2 kapena kutsika ali pansi, likatsika kuposa 2.6 amati remission.

Tsopano taonani kulemera kwa zigawozo. M'masamu a DAS28 square root ya chiwerengero cha mfundo zowawa imachulukitsidwa ndi 0.56, pamene ya mfundo zotupa imachulukitsidwa ndi 0.28. Ndiye kuti kuwawa kumalemera kawiri kuposa kutupa. Kutupa dokotala amakumva ndi zala zake. Kuwawa amachita kuuzidwa. Amadina mfundo ndi mphamvu yoti chikhadabo chake chiyere pang'ono, n'kudikira kuti wodwala anene kapena akwinye nkhope. Mawu a Chingerezi pamenepa ndi tender, ndipo tanthauzo lake ndi lopapatiza: kuwawa kumene kumabwera chifukwa chakuti pakhudzidwa. Chichewa chili ndi mawu ambiri a ululu, kuwawa, kupweteka, kubaya, kulasa, kuyaka, kuphwanya, kupotokola, kuchita dzanzi, koma mawu onsewa amafotokoza mtundu wa ululu, sanena kuti wayamba chifukwa cha kudina. Ndiye dokotala wotanganidwa angofunsa kuti "Pakupweteka?" Mayi amene dzanja lonse lawawawa chidzukire m'mawa ayankha kuti ee pa mfundo iliyonse, ndipo sakunama, pakupwetekadi. Wina, amene anakula akuuzidwa kuti wamkulu salira pagulu, angoluma mano n'kunena kuti "Ayi, pitirizani." Woyambayo atuluka ndi mfundo zowawa 20, wachiwiri ndi ziwiri, manja awo ali ofanana. Funso loyandikira tanthauzo la tender ndi lalitali ndithu: "Ndikadina apa, ululu ukuwonjezeka kuposa mmene unalili ndisanadine?" Kulifunsa lonse ka 28 pamzere wa anthu ofika mpaka pakhonde ndi nkhani ina.

Vutoli limakula mukafika pa CDAI, imene Daniel Aletaha ndi Josef Smolen a ku Vienna anaifalitsa mu 2005. Ubwino wake ndi woti siifuna labu kapena kakyuleta. Mumangophatikiza mfundo zowawa, mfundo zotupa, chiweruzo cha wodwala pa 10, ndi chiweruzo cha dokotala pa 10. Zonse pamodzi sizingapose 76. Pa chifukwa chimenechi ndi imene imayenera bwino chipatala chimene zotsatira za magazi zimachedwa kapena sizipezeka. Koma tawerengani: mfundo zowawa 28 kuphatikiza 10 wa wodwala ndi 38, theka lenileni la 76. Theka la muyeso wonsewo limachokera pakamwa pa wodwala. RAPID3, ya Theodore Pincus wa ku America, inapitirira pamenepo, yonse ndi mayankho a wodwala, palibe ngakhale kudina. Ndiye mwaona mmene zilili: kumene zipangizo zili zochepa ndi kumene muyeso umatsamira kwambiri pa chinenero, ndipo kawirikawiri ndi komwenso chinenero cha wodwala sichili chimene mafunsowo analembedwamo.

Funso la chiweruzo cha wodwala ndi limene likundisowetsa mtendere. Pa Chingerezi limamupempha munthu kuti, poganizira njira zonse zimene nyamakazi ikumukhudzira, aike chizindikiro pa mzere wa masentimita 10 kapena atchule nambala. Ngakhale m'Chingerezi momwemo mawu ake sali amodzi. Mafomu ena amafunsa za thanzi lonse, ena za mphamvu ya matendawo, ena za lero, ena za sabata yapitayi. Tsopano litembenuzeni m'Chichewa cha pachipatala, pamene dokotala kapena clinical officer, amene anaphunzira zonse m'Chingerezi ndipo alemba m'kabuku ka wodwala m'Chingerezi, akumasulira payekha nthawi yomweyo. Funso lalitali lija limafupika n'kukhala "Mukupeza bwanji?" Ndipo funso limeneli lili ndi msuweni wake wapafupi, moni. Tonse tikudziwa kuti "Muli bwanji?" ali ndi yankho lake lokonzeratu. Tikudziwanso kuti munthu akayankha kuti "Ndili bwino pang'ono", Mchewa aliyense amamva kuti munthuyo akudwala, ndipo amafunsa kuti chavuta n'chiyani. Mawu akuti bwino alimo m'chiganizomo, koma uthenga wake ndi wosiyana nawo. Womasulira liwu ndi liwu alemba kuti wodwala ali bwinoko.

Apa ndi pamene -ko amalowera. M'kalasi timamuphunzira monga kamphatikira kotsiriza kosonyeza malo, m'bale wake wa -po ndi -mo: ndinapitako, ndinakhalapo, ndinalowamo. Koma tonse timamugwiritsanso ntchito m'njira zina ziwiri. Amachepetsa: "ndadyako" sindiye kuti ndakhuta. Ndipo amafewetsa: "mundipatseko madzi" si kupempha madzi ochepa, ndi ulemu. Mayi akamati "Ndikupezako bwino, adokotala", -ko ameneyu angakhale aliyense wa awiriwa. Mwina ululu wachepadi pang'ono. Mwina sunachepe n'komwe, koma kuuza munthu amene anakupatsani mankhwala mwezi watha kuti mankhwala ake sanathandize kumamveka ngati kumuchititsa manyazi, ndiye mumamupatsako kenakake. Pali kumva kwachitatu, kumene "bola" amakunyamula bwino: "Bola lero" akufanizira lero ndi tsiku loipitsitsa lija, osati ndi tsiku limene anayamba mankhwala. Munthu amene sabata yatha sanathe kutsegula chitseko, lero wakwanitsa kukwera minibasi, ali ndi ufulu wonena kuti bola, ngakhale kuti poyerekeza ndi miyezi itatu yapitayo palibe chasintha. Matendawa ndi otero, amakwera n'kutsika okha. Mmenemo dokotala akufuna kudziwa za miyezi itatu, wodwala akuyankha za Lachiwiri lapitali.

Khutu la wolankhula Chichewa limatha kusiyanitsa zinthu zimenezi, makamaka ngati pali nthawi. Timamva kakokedwe ka mawu, timaona kumene maso ayang'ana, timadikira "koma" amene amabwera pambuyo: "Ndikupezako bwino, koma usiku ndiye ayi." Timamvanso -be: "kukuwawabe" amanena zambiri kuposa "kukuwawa". Nambala ilibe malo a -ko, ilibenso malo a -be kapena a koma.

Ndiye tinene kuti dokotala wakana kumasulira mwachidule, wapempha nambala yeniyeni. "Pa 10, mungadzipatse zingati?" Aliyense amene anakhalapo pansi m'kalasi ya pulayimale akudziwa kuti 10 pa 10 ndiye kukhoza, 0 ndiye kulakwa zonse. Pa mzere wa nyamakazi zili chadodolido: 0 ndiye kuli bwino kwambiri, 10 ndiye zavutitsitsa. Munthu amene akumva kuti wayamba kuchira anena 8, akudzipatsa malikisi abwino, ndipo fomu ilemba kuti ali pamavuto. Tiyerekeze wodwala amene ali ndi mfundo zowawa ziwiri, yotupa imodzi, ndipo dokotala wamupatsa 2. Iye akanena 3, CDAI yake ndi 8, m'gulu la matenda otsika, limene limathera pa 10, ndipo mankhwala asiyidwa momwemo. Akanena 7, CDAI ndi 12, walowa m'gulu lapakati, ndipo malangizo akuti sinthani. Thupi ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo. Mu DAS28 kulemera kwa funsoli n'kocheperako, sikungapose 1.4, komabe kumakwanira kudumphitsa malire: wokhala ndi mfundo yowawa imodzi, yotupa imodzi ndi ESR ya 20 apeza pafupifupi 3.1 akaloza pa 10, ndipo pafupifupi 3.6 akaloza pa 50. Malire aja a 3.2 ali pakati pomwe.

Ndiponso mawu akuti "poganizira zonse" mukawanena m'Chichewa amakoka zonsedi. Munda umene sunapaliridwe chifukwa manja akana khasu ndi njira imene nyamakazi ikumukhudzira munthu. Ndalama ya thiransipoti imene anakongola kuti afike kuchipatala ndi njira inanso. Wodwala akaziwerengera zimenezi sanalakwe kumva funso, walimva bwino koposa. Kungoti methotrexate wowonjezera sapalira munda. Eni ake a miyesoyi anakumana nalo vuto limeneli ngakhale kwawo. Mu 2011 mabungwe awiri akuluakulu a madokotala a nyamakazi, ACR wa ku America ndi EULAR wa ku Ulaya, anagwirizana kuti munthu anenedwe kuti ali mu remission ngati mfundo zowawa, zotupa, CRP ndi chiweruzo cha wodwala zonse zili pa 1 kapena kutsika. Anapeza kuti odwala ambiri amene mfundo zawo zinali zitaphwa ankalephera pa funso limodzi lomweli basi, ndipo mu 2022 anakweza malire ake kufika pa 2. Anakonza nambala, koma mawu a funso anawasiya.

Wina anganene kuti tisiye zonena anthu, tidalire magazi. Nawonso ali ndi zawo. ESR ndi kuyeza mamilimita amene maselo ofiira amatsika m'kachubu koimirira pa ola limodzi, ndipo imakwera ndi kutupa kulikonse m'thupi, kuchepa kwa magazi, TB, HIV, mimba, ngakhale ukalamba. Mukaika ESR ya 60 m'masamu a DAS28, payokha imatulutsa pafupifupi 2.9. Ndiye munthu wotero, ngakhale asakhale ndi mfundo yowawa kapena yotupa ngakhale imodzi, sangatsike kufika pa 2.6. Kwa ife kuno, kumene zinthu zokweza ESR zimapezeka kawirikawiri, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ndipo mfundo 28 zija zinasiya akakolo ndi zala za kumapazi, ngakhale kuti matendawa amakonda kumeneko. Anazisiya kuti kuyeza kufulumire. Kwa munthu amene kumunda, kumjigo ndi kuchipatala komwe amapita wapansi, mapazi ndiwo nkhani yoyamba imene akufuna kunena.

Pali muyeso wina umene umafunsa zimene munthu amatha kuchita, HAQ, umene James Fries ndi anzake anaupanga ku Stanford mu 1980. Uli ndi mafunso 20 m'magulu asanu ndi atatu, ndipo lililonse limayankhidwa kuyambira 0, palibe vuto, mpaka 3, sindingathe. Ndi cholembedwa chosangalatsa kuchiwerenga, chifukwa chimakuonetsani nyumba imene olembawo ankaiona m'maganizo. Muli bafa losambira chokhala pansi, muli pampopi wopotokola, muli katoni ya mkaka yotsegula, nyama yodula ndi mpeni pambale, galimoto yolowa ndi kutuluka, makina opopa fumbi pakapeti. Mafunsowa mukhoza kuwamasulira m'Chichewa chabwino kwambiri, galamala yake yosalakwika, koma agogo a kumudzi sangawayankhe. Madokotala a ku India anaona zimenezi, ndipo mu 2002 anafalitsa HAQ yawo ya mafunso 12, momwe muli kunjuta pachimbudzi ndi kukhala pansi mopinda miyendo. Anatenga cholinga cha funso lililonse n'kulipezera ntchito ya kwawo. Ife tikanati tichite chimodzimodzi sitikanasowa ntchito zoyesa mfundo. Kuvundula nsima ya banja lonse kumayesa pamkono ndi phewa. Kufinya zovala kumayesa zala kuposa katoni iliyonse ya mkaka. Kumanga chitenje kuti chisamasuke, kutema nsima n'kuumba mbamu, kudzitwika ndowa, kupopa mjigo, kudzuka pamphasa popanda wokugwira dzanja, kunjuta pachimbudzi chokumba. Chomalizachi anthu sachitchula okha, chifukwa cha manyazi, koma kwa munthu wotupa mawondo ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku.

Ngakhale titapeza ntchito zoyenera, mneni akutidikira. HAQ imafunsa ngati munthu ali wokhoza kuchita chinthu. M'Chichewa tingati "mumatha kuchapa?", "mungathe kuchapa?" kapena "mumachapa?", ndipo pakamwa pa munthu wofulumira atatuwa amasakanikirana. Mayi amene alibe womuchapira ayankha kuti "Ee, ndimachapa, nanga achapa ndani?" Amachapadi, kwa maola atatu, misozi ili m'maso. Agogo amene adzukulu amawachitira zonse ayankha kuti alibe vuto ndi kutunga madzi, popeza chaka chatha chonse sanagwire ndowa. Woyambayo akuyankha za udindo, wachiwiri akuyankha za banja lake, ndipo fomu ilemba 0 kwa onse awiri.

Chodabwitsa n'chakuti chizindikiro chimene Chichewa chimachifunsa bwino kwambiri mulibe mu DAS28 kapena mu CDAI. Anthu a matendawa amadzuka mfundo zitauma, kawirikawiri kwa ola kapena kuposa, ndipo nthawiyo imafupika mankhwala akayamba kugwira. Ife moni wathu wa m'mawa ndi funso lenileni limeneli: mwadzuka bwanji? Ndipo mayankho ake ndi olemera. "Zala zimakhala zitauma gwa." "Manja amakhala ngati si anga." "Ndimayamba ndawaotcha pamoto." Wodwala sangakuuzeni kuti ndi mphindi 45 kapena 90, koma angakuuzeni molondola kuti kale manja ankamasuka ana atabwerako kusukulu, tsopano amamasuka asanapite. Chiganizo chimenechi chili ndi zonse zimene dokotala akufuna: poyambira, pamene tafika, ndi kumene zikulowera. Chomwe chimafunika ndi kuchilemba m'kabuku mmene wachinenera, kuti mwezi wa mawa, mwina kwa dokotala wina, funso lidzakhale loti "Paja munati manja amamasuka ana asanapite kusukulu, panopa bwanji?" Funso lotere silingasokonezedwe ndi moni, ndipo -ko sangabisalemo, chifukwa likufuna nthawi.

Sindikunena kuti kumasulira mafomu n'kosatheka. Njira yake ilipo, ndipo inachokera kwa anthu a m'gawo lomweli: Francis Guillemin, Claire Bombardier ndi Dorcas Beaton anailemba mu 1993. Omasulira awiri kapena kuposa amatembenuza fomu, ena amene sanaone choyambirira amaibwezera m'Chingerezi, komiti imafanizira, kenako amayesa pa odwala enieni. Ku Malawi ntchito yotere yachitikapo. Mu 2017 Linda Chokotho ndi anzake anafalitsa mu Malawi Medical Journal kuyesa kwa EQ-5D ya Chichewa, fomu ya mafunso asanu okhudza kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu ndi nkhawa, pakati pa akuluakulu ovulala mafupa. Koma ndili ndi dandaulo pa gawo limene anthu amalikhulupirira kwambiri m'njirayi, lobwezera m'Chingerezi. Limagwira zolakwika za mawu. Silingagwire zolakwika za kagwiritsidwe. "Mukupeza bwanji?" abwerera m'Chingerezi ali bwinobwino, komiti n'kuvomereza, chifukwa vuto lake silili m'tanthauzo la mawuwo, lili m'zimene funsolo limachita likanenedwa ndi munthu wovala yunifolomu kwa munthu wokhala pabenchi. Gawo lomaliza, lokhala pansi ndi odwala n'kuwafunsa kuti "pamene munati 7, mumatanthauza chiyani?", ndi limene likanayenera kutenga nthawi yambiri, ndipo ndi ntchito imene ophunzira chinenero tingaithe kuposa wina aliyense. Ndi pomwenso tingayese njira zina zofunsira nambala, monga kumupatsa munthu nyemba 10 kuti apatule zimene zikuimira ululu umene watsala poyerekeza ndi tsiku loyamba. Mulu waukulu, ululu waukulu: palibe malikisi a kusukulu osokoneza. Ngati zimenezi zingagwirizane ndi malire a CDAI, kafukufuku ndiye angatiuze, osati ine.

Pamapeto pa zonsezi nambala iyenera kubwereranso m'mawu, chifukwa wodwala afunsa kuti "Ndiye zili bwanji, adokotala?" Ikatsika kufika pa remission, liwu lapafupi pakamwa ndi "mwachira". Liwu limeneli n'loopsa, pakuti wochira samwa mankhwala, ndipo ambiri amene amasiyiratu mankhwala a nyamakazi imeneyi imawabwerera. Makiliniki a ma ARV akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri kuti tizilombo tikasiya kuoneka m'magazi sindiye kuti tatha, choncho ganizoli si lachilendo m'makutu a anthu. Kungoti kubwereka mawu a kumeneko kuli ndi mtengo wake: mukangotchula chitetezo cha m'thupi, wodwala ena amva nkhani ina, ndipo mukawonjeza kuti mankhwalawa amachitsitsa dala, mwawaopseza. Pa mawu amene tili nawo, "matenda agona" amanena zoona kuti akhoza kudzuka, koma sanena chimene chawagoneka. Ine ndimakonda kuzilala, mneni wa moto. Moto wozilala suyaka, sutentha, koma aliyense amene anasonkhapo moto akudziwa kuti pansi pa phulusa pali makala, ndipo mfundo zotupa zimatenthadi ngati moto. "Matendawa azilala chifukwa cha mankhwala mukumwawa, mukasiya ayakanso" ndi chiganizo chimodzi, chimatenga masekondi asanu, ndipo chimalowa bwinobwino pamzere umodzi wa kabuku, pansi pa nambala.